Musanapente bala, yesani kaye usiku umodzi

Anzanga a mabala muno mu Zomba, mukafuna kukopa achinyamata musathamangire penti ndi chikwangwani chatsopano. Ine ndinatero, ndalama zinapita, mipando n'kukhalabe yopanda anthu. Chomwe chinandithandiza n'chotchipa.

Sankhani tsiku limodzi lomwe malonda sayenda, kwa ine linali Lachinayi. Tsiku limenelo cocktail, mowa wosakaniza ndi zakumwa zina, musagulitse pa tambula, gulitsani mu jagi yoti anthu anayi agawane. Ophunzira a ku Chanco amayenda pagulu ndipo amasonkherana. Tambula yodula munthu mmodzi amaiopa, koma jagi yosonkherana saiona kulemera m'thumba. Ine ndimathiramo Malawi Gin, tonic, ayezi ndi zipatso zomwe anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu wokwera ku Ku Chawe, makamaka sitiroberi ndi magalagadeya. Jagi ikafika patebulo ili psuu, asanalawe n'komwe amayamba aijambula n'kuika pa status ya WhatsApp. Anzawo akaona amafunsa kuti ndi pati pamenepo, inu osalipira kanthu.

Pafupi ndi matebulo ikani pochajira mafoni, chifukwa foni ikathima amanyamuka. Nambala za Airtel Money ndi Mpamba zilembedwe poonekera pakauntala. Nyimbo muwasiyire asankhe okha.

Chonde pakhomo muziona chiphaso chaunzika, wosakwana zaka 18 asalowe.

Dzina ndi penti mudzasinthe pakatha mwezi, mutamva mmene iwowo akutchulira malo anuwo akamaitanizana.