Kusamala ubongo wa munthu amene anagunda mutu kambirimbiri pamasewera kapena ku usilikali

Munthu akagunda mutu, ubongo umagwedezeka n'kudziwomba kuchigaza. Ambiri sakomoka, ndipo makina ojambula m'mutu a CT nthawi zambiri saonetsa kanthu, n'chifukwa chake osewera mpira, ankhonya ndi ophunzira usilikali amangodzuka n'kupitiriza. Choopsa ndi kubwerezabwereza. Kafukufuku wa ku Glasgow wa 2019 anapeza kuti osewera mpira akale a ku Scotland ankamwalira ndi matenda ofoola ubongo kuposa anthu ena katatu ndi theka.

Ngati pakhomo pali bambo amene ankamenya mpira ndi mutu pa Kamuzu Stadium kapena anadutsa kusukulu ya usilikali ya MAFCO, yambani ndi kulemba mbiri yawo. Anasewera zaka zingati, anagunda mutu kangati, anakomokapo, anabwereranso m'bwalo tsiku lomwelo? Ngakhale tsiku lija anangoona mdima kwa kanthawi muliwerengere. Pepalalo likhale m'buku lawo la kuchipatala.

Kenaka mayi a kunyumba kapena mwana wamkulu azilemba zosintha, ndi tsiku lake, chifukwa mwini wake sadziona. Kuiwala makiyi si nkhani. Nkhani ndi kufunsa funso lomwelo katatu pa nsima imodzi, kusochera pochoka ku Limbe kubwerera ku Ndirande, kulephera kuwerengera chenji, kupsa mtima pachabe, kunjenjemera manja. Zikapitirira, yambani kuchipatala chaching'ono cha m'dera lanu, akutumizeni ku Queen Elizabeth.

Apa ndi pamene mabanja ambiri amaphonya. Ena amati ndi ufiti, ena amathamangira kunena kuti ndi CTE, nthenda ya ubongo ya omenyedwa mutu kawirikawiri. Komatu CTE imatsimikizika pokhapokha ubongo ukapimidwa munthu atamwalira. Pemphani kuti awayeze zomwe zimachizika: BP, shuga, HIV, chindoko, makutu, komanso matenda okhumudwa. Zonsezi zimaiwalitsa. BP ikamafika 140/90 kapena kuposa, imawononga timitsempha ta ubongo womwe ndi wovulala kale, choncho mankhwala asadumphitse. Akayamba kunena zoti moyo wawakwana, pitani nawo kuchipatala, musadikire mawa.

Mowa achepetse, kachasu ndi fodya asiyiretu. Aziyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata, azigona maola 7 kapena 8, ndipo musawatsekere m'nyumba. Bawo ndi anzawo amawathandiza. Pa kabaza wa njinga yamoto avale helimeti n'kumanga lamba wake.

Akagundanso mutu, apume tsiku limodzi kapena awiri, asayendetse galimoto, asatsale okha. Amwe panado, osati aspirin kapena brufen, poti awa angawonjezere kukha magazi mkati. Akamasanza mobwereza, kukomoka, kugwa khunyu, kufooka mbali imodzi, kapena madzi oyera akamatuluka m'mphuno ndi m'makutu, thamangirani kuchipatala ngakhale pakati pa usiku. Kwa okalamba magazi amatha kumadontha pang'onopang'ono m'mutu, zizindikiro n'kudzaoneka patatha masabata, ndiye dokotala mumuuze za kugwako ngakhale kutakhala kwa mwezi watha.