Momwe Tingathandizire Makolo Kugula Feteleza Wotsika Mtengo Tili Kuno ku Joni

Mwezi wa Okutobala ukafika, ambiri a ife amene tikugwira ntchito kuno ku Johannesburg timayamba kulandira mafoni ochokera kumudzi, ndipo nkhani yake imakhala ya feteleza. Ndondomeko ya boma la Malawi yogulitsa zipangizo zaulimi pamtengo wotsika inayamba mu 2005, pa nthawi ya Bingu wa Mutharika, alimi akulandira makuponi. Mu 2020 inabwera ndondomeko ina yotere yotchedwa AIP (Affordable Inputs Programme), ndipo chiphaso cha unzika chinalowa m'malo mwa kuponi. Choncho musanathamangire kutumiza ndalama, yambani ndi dzina ndi chiphaso.

Pemphani makolo kuti akafunse kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lawo, kapena kwa anyakwawa, ngati dzina lawo latuluka m'kaundula wa chaka chimenecho, chifukwa si mlimi aliyense amene amalembedwa, ndipo amene anapindula chaka chatha angathe kusiyidwa chaka chino. Ngati chiphaso chinatayika kapena chinathyoka, apite msanga ku ofesi ya National Registration Bureau kuboma, poti chatsopano chimatenga nthawi kuti chituluke, pamene mvula siidikira munthu.

Mtengo umalengezedwa ndi Unduna wa Zaulimi. Thumba la makilogalamu 50 linali pa K4,495 mu 2020, linafika pa K7,500 mu 2021, kenaka pa K15,000 mu 2022, motero musawerengere mtengo umene munausiya pobwera kuno. Mlimi amagula matumba awiri, la NPK wokulitsa ndi la Urea wobereketsa. Pamwamba pa mtengowo onjezani ya kabaza kapena ngolo yonyamulira, ndiponso ya chakudya, chifukwa netiweki ikavuta pa depoti anthu amaswera pamzere, ena mpaka kugona pakhonde pomwepo atafunda zitenje. Tumizani kudzera ku Mukuru kapena mwachindunji ku Airtel Money kaya Mpamba, ndipo ndalama ilandiridwe ndi mwini dzina kapena munthu amene makolo amusankha okha.

Chimene ndikufuna kutsindika kwambiri ndi chiphaso. Chaka china ndinachedwa kutumiza ndalama ndi masabata awiri okha, ndikudikira malipiro a kumapeto kwa mwezi. Amayi anga, amene amasunga chiphaso chawo chokulunga m'kapepala ka pulasitiki pansonga ya chitenje, anachipereka kwa venda wina amene anawapatsa ndalama yochepa yogulira ufa, nawalonjeza thumba limodzi. Thumbalo silinabwere, ndipo atapita ku depoti anauzidwa kuti dzina lawo lagula kale. Mpaka lero zimandipweteka, chifukwa njala ndi imene inawagulitsa chiphasocho, ine ndili kuno. Auzeni makolo momveka bwino kuti chiphaso chisachoke m'manja mwawo, ndipo ngati kunyumba kulibe chakudya, tumizani ya ufa payokha kuti ya feteleza isakhudzidwe.

Akagula, afunseni kuti atenga mtundu uti. Nthawi zina pa depoti pamapezeka mtundu umodzi wokha, ndipo wokulitsa ndiye wofunika msanga, poti amathira pobzala kapena chimanga chitangomera, pamene wobereketsa amadikira masabata atatu kapena anayi. Matumba awiriwo amakwanira munda wa ekala imodzi. Ngati munda ndi waukulu, konzekerani kugula wina pamtengo wa m'sitolo, kapena makolo apemphe mlangizi kuti awaphunzitse kupanga manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, phulusa, madeya ndi feteleza pang'ono. Manyowa amenewa amafuna masiku 21 kuti apse, choncho ayambe kuwapanga mvula yobzalira isanagwe.