Kusankha ulusi ndi reel zoponyera nyambo zopepuka m'madzi a ku Mulanje ndi ku Thyolo

Ambiri a ife tinaphunzira kuwedza ndi nsungwi, ulusi wa nayiloni ndi nyongolotsi, ndipo pa kawedzedwe kameneko kunenepa kwa ulusi sikusowetsa mtendere chifukwa nyambo imangotsitsidwa m'madzi pafupi ndi pamene munthu wakhala. Zinthu zimasintha mukayamba kugwiritsa ntchito nyambo zochita kupanga, monga tizitsulo tozungulira ta Mepps kapena tinsomba ta Rapala, pakuti nyambo yotere imayenera kuponyedwa patali kenako n'kumakokedwa pang'onopang'ono kuti nsomba iziyesa kanthu kamoyo. Mepps Aglia ya nambala 1 imalemera magalamu 3.5 okha, ndipo kulemera kochepa kumeneku ndiko kumakoka ulusi kuchoka pa reel, kachipangizo kokulungira ulusi kamene kamamangidwa pa ndodo. Ulusi ukanenepa, nyambo imagwera pafupi ndi mapazi anu ngakhale mutaponya ndi mphamvu zanu zonse. Choncho musanagule chilichonse, yambani mwadziwa kulemera kwa nyambo zimene muziponya.

Ma reel odziwika kwambiri alipo a mitundu iwiri. Wotchedwa baitcaster umakhala pamwamba pa ndodo, ndipo kuti ulusi utuluke, spool yake, pamene ulusi umakulungidwa, imayenera kuzungulira. Nyambo yosafika magalamu 7 imalephera kuizunguza bwino spool imeneyi pa ma baitcaster wamba, ndipo zotsatira zake n'zakuti ulusi umapiringizika mpaka mumathera nthawi yowedza mukumasula mfundo. Wotchedwa spinning umalendewera pansi pa ndodo, spool yake siizungulira poponya, ulusi umangovundukuka wokha m'mphepete mwake, ndipo n'chifukwa chake ndi umene uli woyenera nyambo zopepuka. Kukula kwake kumalembedwa m'manambala. M'mitsinje ya m'phiri monga Likhubula ndi Lichenya, momwe malo oponyera ndi opanikiza ndipo mitengo imaweramira m'madzi, reel ya 1000 imakwanira. M'madamu a m'maesiteti a tiyi, momwe mumapezeka nsomba za bass ndipo mumafunika kuponya patali, ya 2500 ndiyo yabwino chifukwa spool yake ndi yotakata ndipo ulusi umachoka mosavuta. Madamu amenewa ali ndi eni ake, choncho pemphani chilolezo musanapiteko.

Pogula, musatengeke ndi chiwerengero cha mabeyaringi cholembedwa pa bokosi. Zungulizani chogwirira kuti mumve ngati chikuyenda mosakhuluza, pitsani chala m'mphepete mwa spool kuti muone ngati mulibe pokumbika, ndipo onani ngati kagudumu kamene ulusi umadutsapo kakuzungulira. Koposa zonsezi, yesani drag, buleki imene imamasula ulusi nsomba ikakoka mwamphamvu: mangani pang'ono kachitsekero ka kutsogolo kwa spool n'kukoka ulusi ndi dzanja. Uyenera kutuluka mofatsa, osati modukizadukiza. Reel yakale ya Shimano kapena Daiwa imene yapambana mayeso amenewa ndimaikonda kuposa yatsopano yonyezimira imene drag yake imagwiragwira, chifukwa pa ulusi wowonda kugwira kamodzi kokha n'kokwanira kuudula.

Tsopano za ulusi, pamene ambiri amalakwitsa. Munthu amagula wa mapaundi 20 (kulemera kumene ulusiwo umapirira usanaduke) poopa kuti nsomba yaikulu ingamudulire, kenako amadabwa kuti nyambo sikufika kumene nsombazo zili. Wa nayiloni woyenera ntchito imeneyi ndi wa mapaundi 4 mpaka 6, umene kunenepa kwake kumakhala pakati pa mamilimita 0.16 ndi 0.23. Muziwerenga nambala ya kunenepayi, osati ya mapaundi yokha, pakuti ulusi uwiri wolembedwa mphamvu zofanana umatha kusiyana kanenepedwe malinga ndi amene anaupanga. Ubwino wa nayiloni ndi wakuti ndi wotsika mtengo, umamangika mfundo mosavuta, komanso umatamuka, moti nsomba ikadumpha mwadzidzidzi mbedza siing'amba mlomo wake. Kuipa kwake n'kwakuti umafooka ndi dzuwa ndipo ukakhalitsa pa spool umatuluka uli wopotanapotana. Ine ndinatayapo bass yooneka bwino limodzi ndi nyambo yanga chifukwa cha ulusi umene ndinagula pamsika utayalidwa padzuwa, ndipo kuyambira pamenepo ndimagula wa m'paketi yotseka n'kumausintha chaka chilichonse.

Ulusi woluka, umene umatchedwa braid, ndi wowonda kwambiri poyerekeza ndi mphamvu yake, sutamuka, ndiponso susunga mapindidwe a spool. Wa mapaundi 8 kapena 10 umaponya nyambo ya magalamu 3 patali kuposa nayiloni, ndipo nsomba ikangokhudza nyambo mumamva m'dzanja nthawi yomweyo. Komabe uli ndi zovuta zimene malo athu amazikulitsa. Madzi a m'phiri nyengo yachilimwe amayera mpaka mumaona mchenga wapansi, ndipo braid amaonekera. Miyala yake nayonso imamudula msanga akakhuzika ali wokungika. Njira yake ndi kulumikiza kumapeto kwake mita imodzi ya ulusi wa fluorocarbon wa mapaundi 6, umene suonekera kwenikweni m'madzi komanso umapirira miyala, pogwiritsa ntchito mfundo yotchedwa double uni. Masiku a chiperoni, mphepo ikamakuwombani kumaso, braid amapanga mfundo yekha ali m'malere, choncho muziponya motsika ndipo muzikunga ulusi ndi chala musanayambe kukulunga. Maganizo anga ndi akuti woyamba kumene ayambe ndi nayiloni wa mapaundi 6, ndipo braid adzamugule akazolowera, makamaka ngati amawedza m'madamu a udzu wambiri.

Ulusi wabwino umakhala wopanda ntchito ukaikidwa molakwika. Dzazani spool mpaka patsale mamilimita 2 kapena 3 kuti ulusi ufike m'mphepete. Ukachepa umakhuzika m'mphepetemo n'kufupikitsa kaponyedwe, ukachulukitsa umakhuthuka wonse pamodzi. Poukulunga, upanikizeni ndi kansalu konyowa kuti ukhale wothina. Ngati ndi braid, yambani mwakulunga nayiloni pang'ono pansi pake chifukwa payekha amaterereka pa chitsulo. Tizitsulo tozungulira timapota ulusi, motero ikani swivel yaing'ono, kachitsulo kolumikizira kamene kamazungulira kokha, patsogolo pa nyambo, ndipo mukaponya muzitseka kawaya ka reel, kamene mumatsekula poponya, ndi dzanja m'malo mozunguliza chogwirira. Ulusi ukapotana kale, chotsani nyambo, uusiyeni utengedwe ndi madzi oyenda kwa kanthawi, kenako muukulungenso.

Mantha akuti ulusi wowonda uduka amathetsedwa ndi drag. Iyenera kuyamba kumasula ulusi pamene kukoka kwafika gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mphamvu ya ulusiwo. Wa mapaundi 6 umapirira pafupifupi makilogalamu 2.7, kutanthauza kuti drag iziyamba kumasula pa magalamu 700 mpaka 900. Ngati mulibe sikelo, thirani madzi okwana mamililita 750 m'botolo la pulasitiki, limangirireni ku ulusi wochokera pa reel mwachindunji, ndipo musinthe drag mpaka ulusi uyambe kutuluka pang'onopang'ono mukalinyamula. Ndodo nayo ikhale yolembedwa kuti imaponya magalamu 2 mpaka 10 kapena kuyandikira pamenepo. Mukakhala kumadzi, nthawi iliyonse imene mwagwira nsomba kapena nyambo yakodwa m'miyala, pitsani zala pa mita yomalizira ya ulusi, ndipo mukamva pokhakhala dulani pamenepo n'kumanganso nyambo yanu.