Paipi ya suweji ya mu motorhome, isungeni payokha abale anga

Chaka chilichonse mwezi wa May ukamatha ma motorhome, magalimoto aja okhala ndi pogona, khitchini ndi chimbudzi mkati, amayamba kudzadza pa garaja pomwe ndimagwira ntchito kuno ku Indiana, aliyense akufuna galimoto yake ikhale bwino asanapite kokampa. Dera lino la Elkhart ndi kumene kumapangidwa ma RV (ma motorhome ndi ma trailer okampira) ambiri a mu America muno, makampani a Thor ndi Forest River ali konkuno, Jayco ili ku Middlebury chapafupi pompa, nde nzosadabwitsa kuti masiku ano abale athu achimalawi nawonso ayamba kugula ma second hand kapena kubwereka kuti apite ndi ana ku Lake Michigan kapena kutali ndithu. Zimandisangalatsa zedi. Koma pali chinthu chimodzi chomwe ogulitsa amangochitchula mothamanga pokupatsani makiyi, ndipo ine ndimachiona chikulakwika sabata ndi sabata, ndicho kasungidwe ka paipi yotayira za m'chimbudzi.

Tsiku lina ndinatsegula kabati ya m'mbali mwa galimoto ya banja lina, ndimafuna ndifike pa pampu. Mkatimo munali paipi yoyera ya madzi akumwa yokulungidwa bwinobwino, pamwamba pake atagoneka paipi yabulauni ya suweji yopanda zotsekera mbali zonse ziwiri, pansi pali timadzi tachikasu tomwe tinali titayenderera mpaka pomwe panali timipando ta ana ndi poto wophikira panja. Mayi a pa banjapo ndi munthu waukhondo kwambiri, mkati mwa galimotoyo mumachita kuwala, koma nditawaitana kuti adzaone anangogwira pakamwa. Akuti "bambo, palibe anatiuza, tinkaona ngati poti tayitsuka ndi madzi ndiye kuti yayera". Apa mpamene pali vuto lonse. Paipi imeneyi siyera, ngakhale muyitsuke bwanji.

Muyiyang'anitsitse. Ndi paipi ya ma inchi 3 kukula kwake, ya pulasitiki yofewa yokhala ndi waya wozungulira mkati mwake kuti izitha kutambasuka ndi kufupika ngati kodiyoni. Makwinya amenewo ndi amene amasunga timadzi ndi tizinyalala, mzere uliwonse kadontho kake, ndipo m'timadzi timeneto ndi momwe mumakhala E. coli, norovirus, giardia ndi tizilombo tina totsegula m'mimba. Ife tinakulira kumva alangizi a zaumoyo akutiuza kuti kapu yotungira madzi mu mtsuko isamagwire china chilichonse, ndipo tikukumbuka zomwe kolera inachita kwathu mu 2022 ndi 2023. Nzeru yake ndi yomweyo basi, za kuchimbudzi kwake, za kukamwa kwake, zisakumane ngakhale pang'ono. Paipi yoyera ija ikakhudza timadzi ta suweji pakamwa pake, mawa mukayilumikiza ku mpope ndiye kuti mwatumiza zonsezo mu thanki yomwe ana akutsukira mano.

Kusunga bwino kumayambira potaya pomwe, musanaganize nkomwe za koyika. Galimoto zambiri kuno zili ndi ma thanki awiri a madzi oipa, ya black ya kuchimbudzi ndi ya gray ya ku sinki ndi ku shawa. Mukafika pa dump station, malo otayira madzi oipawa, valani magolovesi otaya mukagwiritsa ntchito, lumikizani paipi ku galimoto muyipotokole mpaka timano take tigwire, mbali inayo ilowe bwino pa dzenje, kenako tsegulani valuvu ya black kaye. Ikatha tsekani, ndiye mutsegule ya gray. Dongosolo limeneli musalisinthe, chifukwa madzi a sopo a mu gray ndi amene amakankha zotsalira za black mu paipimo, ndiye theka la ntchito yotsuka lachitika kale. Ambiri amayamba ndi gray poti ndi yosanunkha kwambiri, mapeto ake paipi imalowa mu kabati ili ndi zokhuthala mkati. Chinanso, mukakhala pa kampu yoti suweji ili pomwepo, musasiye valuvu ya black chitsegulire masiku onse, madzi amathawa zolimba nkutsala zikuunjikana mu thanki. Dikirani ifike cha pa magawo awiri mwa atatu ndiye mutsegule kamodzi.

Mukatseka ma valuvu onse masulani paipi ku galimoto kokha, mbali ya ku dzenje ikhale chilowere. Mbali mwamasulayo ikwezeni m'mwamba muthiremo madzi kwa mphindi imodzi kaya ziwiri, koma madzi ake musathire ndi paipi yoyera ija, chonde. Khalani ndi kapaipi kena ka mtundu wina, kaya kakuda kaya ka orenji, kantchito imeneyi yokha, ndipo mpope wa pa dump station womwe alembapo kuti non-potable, kutanthauza osayenera kumwa, musadzazire thanki ya madzi akumwa, anthu amalowetsa paipi ya pamenepo mkati mwenimweni mwa mapaipi awo a suweji. Kenako yendani ndi paipiyo, kuyikweza pang'onopang'ono kuchokera komwe muli kulowera ku dzenje ngati mukukama, madzi onse atsike. Apa musathamange ngakhale kumbuyo kuli mzere wa magalimoto, mphindi imodzi yokha imeneyi ndi imene imasiyanitsa kabati youma ndi kabati yonunkha. Mukatero ifupikitseni, muyigwedeze pang'ono kukamwa kuli pa dzenje, mutseke mbali zonse ndi zotsekera zake. Zotsekera zikasowa, mapaipi ena mbali zake ziwiri zimalumikizana zokha nkukhala ngati nkhata, zimathandiza ndithu.

Tsopano koyika. Malo omwe anthu ambiri amawadziwa ndi mu bampala ya kumbuyo, ija ya chitsulo ya makona anayi, ma inchi 4 mbali iliyonse, yobowoka mkati. Ma trailer ambiri ndi ma Class C ena (ma motorhome okhala ndi pogona pamwamba pa dalaivala) ali nayo ndipo ubwino wake ndi woti paipi ili panja, kutali ndi chakudya ndi zovala. Koma ineyo bampala sindiyikhulupirira kwenikweni pokhapokha mutayisamalira. Mkati mwake simukhala penti yokwanira, nde timadzi todontha tija timayambitsa dzimbiri, dzimbirilo limakhala lokhakhala ngati sandipepa, nthawi iliyonse mukukoka paipi ikukhulika, ikubooka timabowo tating'ono tosaoneka ndi maso mpaka tsiku lomwe mudzaone ikutuluka thukuta pa nsapato zanu. Ndaonapo bampala yodyeka pansi ponse chifukwa cha zomwezi. Ngati mulibe kuchitira mwina, kokani paipi, unikani ndi tochi, palani dzimbiri ndi burashi ya waya yomangirira ku ndodo, mupakemo penti yoteteza dzimbiri, ndipo ena amalowetsamo chidutswa cha gatala ya pulasitiki kuti paipi izitsetsereka osakhudza chitsulo. Zotsekera za labala za kumapeto kwa bampala nazo zimagwa panjira, paipi nkumasololoka pang'onopang'ono inu muli pa msewu waukulu wa I-80 osadziwa kanthu, ndiye zibooleni mulowetse kapini kapena gulani za maginito. Sankhani zokhala ndi timabowo ta mpweya koma tating'ono, chifukwa mavu amakonda kumanga m'menemo, ndipo kulowetsa dzanja mosaona mu July ndi ngozi.

Njira yomwe ndimalangiza anthu ambiri ndi chubu ya pulasitiki yomangirira pansi pa galimoto. Zilipo zogula kale, Valterra amapanga ina yotalikitsa ndi kufupikitsa yokhala ndi zitseko mbali zonse. Koma mutha kupanga nokha ndi positi ya fensi ya PVC ya ma inchi 5, zimapezeka ku Menards, Lowe's kaya Home Depot pamodzi ndi zivindikiro zake. Inchi imodzi yowonjezerayo ndi yofunika kwambiri, chifukwa mu bampala ya ma inchi 4 paipi imalowa koma chigongono, cholumikizira chopindika chomwe chimalowa pa dzenje, chimakana nthawi zambiri, ndiye munthu amangochiponya mu kabati ina, vuto lomwe lija labwereranso. Mu ya ma inchi 5 zambiri zimalowa pamodzi. Dulani gatala ya pulasitiki kutalika kofanana ndi positiyo ikhale ngati dirowa, mukakoka zonse zikutuluka osalowetsa mkono. Boolani timabowo pansi pake kuti chinyezi chizituluka komanso pa zivindikiro kuti mphepo izidutsa galimoto ikamayenda, ndipo muyimange yopendekera pang'ono. PVC sichita dzimbiri, sikhula paipi, ndipo kutsuka kwake ndi kungothira madzi mbali imodzi.

Pomangirira mpofunika kudekha. Gonani pansi muone kaye komwe kwadutsa ekizosi, ya injini komanso ya jenereta, pulasitiki ikhale kutali nazo. Musanaboole paliponse gwirani kuseri kwake, pansi pa motorhome pamadutsa mawaya, mapaipi a gasi wa propane ndi ma thanki omwe. Chasisi yeniyeni musayiboole, gwiritsani ntchito mabowo omwe alipo kale kapena ma kilampu. Mabauti akhale a stainless chifukwa mchere womwe amathira m'misewu nthawi ya sinoo umadya chitsulo wamba msanga. Ndipo isalendewere kuposa zina zonse za pansipo, makamaka kuseri kwa matayala akumbuyo komwe galimoto imakhula potuluka pa filling station. Mbali yabwino yotsegulira ndi ya dalaivala, poti ma valuvu amakhala kumeneko.

Nanga a Class A, ma motorhome akuluakulu ngati basi, kapena wobwereka yemwe sangaboole galimoto ya eni? Bokosi la pulasitiki la chivindikiro ndi lokwanira. Paipi ya ma feet 15 ikafupikitsidwa imatsala pafupifupi ma feet 5, mukayipinda imakwana mu bokosi la saizi yapakati pamodzi ndi chigongono, ma adaputa ndi kapaipi kotsukira kaja. Lembanipo ndi maka zilembo zikuluzikulu kuti SUWEJI kuti mwana kapena mlendo asadzaikemo zina, muliyike mu kabati ya ma valuvu yomwe pansi pake ndi pulasitiki, osati ya kapeti. Kapeti ikamwa madzi amenewa fungo silichoka, ndachotsapo kapeti yonse mu kabati chifukwa cha dontho la sabata imodzi. Mapaipi a madzi akumwa, fyuluta ndi regulator yochepetsa mphamvu ya madzi zikhale mu bokosi lina, kabati ina, ngati nkotheka mbali ina ya galimoto. Malo akachepa kwambiri, za madzi akumwa pamwamba za suweji pansi, zonse zotseka.

Koma pali chomwe anthu a bokosi amalakwitsa, kutseka ndi kuyiwala. Paipi yonyowa yotsekedwa mbali zonse, mu bokosi lotseka, mu kabati yotentha ya August, imachita nkhungu ndipo fungo lake mukadzatsegula limakubwezani m'mbuyo. Zotsekera ndi za paulendo. Mukafika kunyumba tulutsani, chotsani zotsekera, itambasuleni pamthunzi podutsa mphepo pomwe ana ndi agalu safika, iume tsiku lonse. Osati padzuwa masiku ambiri, dzuwa limaumitsa pulasitiki nkuyamba kung'aluka. Bokosilo ndi tizidutswa tolumikizira tsukani ndi madzi a jiki, masipuni akuluakulu 5 mu galoni imodzi ya madzi, musiye mphindi zingapo kenako mutsukuluze. Jikiyo musasakanize ndi mankhwala ena aliwonse otsukira, makamaka okhala ndi ammonia, mpweya wake ndi poizoni.

Anzathu a ku UK mwina mukuti izi sizikutikhudza poti galimoto zanu zambiri zili ndi chimbudzi cha kaseti ya Thetford yomwe mumangosolola nkukakhuthula pa chemical disposal point. Zoona, paipi yaikuluyo mulibe. Koma kapaipi kotayira madzi a ku sinki kali ndi mafuta ndi zotsalira za chakudya, nako kamaola, ndiye nako kakhale ndi thumba kapena bokosi lake kutali ndi ka madzi akumwa.

Nthawi yozizira kuno October akamatha tiyenera kuyikumbukira paipiyi pamodzi ndi ma thanki. Madzi otsalira m'makwinya akauma kukhala ayezi amatukuka, pulasitiki nayo ikazizira imauma gwa, mukayikoka mwamphamvu imathetheka. Iumitseni bwinobwino musanayisunge, ndipo ngati muli ndi malo mu garaja ya kunyumba iyikeni kumeneko mu bokosi lotseka, chifukwa mbewa zikalowa mu motorhome yoyima miyezi isanu zimatafuna chilichonse chofewa.

Ikafika April musanapite ulendo woyamba iyeseni. Itambasuleni yonse pa simenti youma, tsekani mbali imodzi, thiranimo madzi oyera mpaka idzadze, muyende nayo m'mbali mukuyang'ana pomwe pakunyowa. Onaninso timalabala ta m'zolumikizira ngati sitinaphwanyike kapena kugwa, ndi timano tija ngati sitinathyoke. Mukapeza kabowo musamate ndi tepi, mphamvu ya thanki ya black ikamatsika tepi singapirire. Gulani ina, ndipo pogula yang'anani kukhuthala kwake komwe amalemba ndi ma mil (mil ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a inchi) pa paketi, zotchipa kwambiri zimakhala zopyapyala pomwe ngati RhinoFLEX ya Camco ndi ma mil 23. Musanalipire yezani kaye malo omwe mukasungemo, chigongono chake chomwe, ndipo mutengeretu bokosi la magolovesi ndi kabotolo ka sopo wosamba m'manja zikakhale pakhomo pa kabati ya ma valuvu, mu kathumba kakekake kotseka.