Mukafuna kupanga gemu ya filimu ya eni ake, yambani apa

Musanayatse nkomwe kompyuta werengani kontilakiti kaye abale. Eni dzina nthawi zambiri amafuna ndalama yotsogoza, minimum guarantee ija, imene sibwerera olo gemuyo isagulidwe, kenako amadulanso royalty, gawo lawo la ndalama, pa kope iliyonse yogulidwa, nde muwerengetse bwinobwino kuti mugulitse makope angati kuti mungobweza zanu zokha.

Za nthawi ndiye musalole kuthamangitsidwa. Kampani ya magemu ya Atari mu 1982 inapatsa wopanga magemu wake Howard Scott Warshaw masabata 5 okha kuti amalize gemu ya filimu ya E.T. ipezeke mmashopu pa Khirisimasi, anthu anakhumudwa nayo ndipo mu 1983 makatiriji otsala ena anakakwiriridwa ku Alamogordo, New Mexico. Pomwe a kampani ya magemu ya Rare anatulutsa gemu ya GoldenEye 007 mu 1997, filimu yake itatuluka kalekale mu 1995, ndipo mpaka pano anthu amayitamabe.

China, chilichonse mungajambule, nkhope, zovala, mawu, eni ake ayenera avomereze kaye. Lembetsani kuti aziyankha pasanathe masiku angati, apo bii timu yanu izingokhala inu mukulipira masalale.

Funsaninso kuti laisensi ikutha liti, chifukwa ikatha gemu imachotsedwa pa Steam, shopu ya magemu ya pa intaneti, ndiye mukambiranetu mtengo oyiwonjezera musanasayine.