Kwacha ikagwa, mitengo muzikweza chonchi

Izi ndikulembera inu a geni a ku Mzuzu, a ku Taifa, ku Zigwagwa, mumsika waukulu, ndi ena muli ndi timagolosale ku Chibavi ndi ku Mchengautuwa. Kwacha ikagwa kukweza mtengo si tchimo ayi, mpamba ukatha palibe angakupatseni wina. Koma pali kukweza ndiye palinso kuba, ndipo ambirife timazisakaniza dala.

Poyamba tsegulani kalikuleta pafoni panupo. Mu Novembala 2023 a Reserve Bank anachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imene inali cha m'ma K1,180 inafika pa K1,700, pomwe mu Meyi 2022 anali atachepetsa kale ndi 25 peresenti. Ndiye tiyerekeze katundu wakunja munapikula pa K10,000, kugwa ngati kwa 2023 kuja kukutanthauza kuti mukafuna kukamutenganso mupite ndi K14,400. Pamenepo onjezerani thiransipoti, msonkho wa pa boda ya Songwe ndi phindu lanu la masiku onse lija, basi mtengo wapezeka. Nanga K25,000 mukuitenga kuti?

Mukatero unikani katundu mmodzimmodzi, dola ikumukhudza bwanji. Zitenje za ku Tanzania, mafoni, masipeyala a njinga zamoto, izi inde. Koma tomato wa ku Jenda, nthochi za ku Nkhata Bay, izi zimakwera pang'onopang'ono kutsatira mafuta a galimoto ndi feteleza, osati 44 yonse ija m'mawa womwewo. Ndimaseka ndikamva wogulitsa chinangwa akuti "ndi dola bwana", chinangwa chinadutsa pa boda liti?

Povuta ndi pa katundu wakale amene ali kale mushopu. Ena amati mugulitse pa mtengo wakale poti munagula motchipa, ine apa sindivomera, mukatero ndalama yake sikwana kudzazanso mashelefu ndipo mwezi wamawa mwatseka. Kwezani kufika pa mtengo umene tawerengera uja, musapitirire. Chimene chili choipa ndi kutseka chitseko nkumanama kuti tikuwerenga sitoko, kapena kulowetsa mabelo a shuga ndi zigubu za mafuta ophikira kuchipinda kudikira kuti anthu alire kaye ndiye mutulutse, chonsecho amene akulirawo ndi amayi a mandasi omwe mumapemphera nawo limodzi. Kubisa katundu komanso kukweza mitengo mopyola muyeso ndi milandu pa lamulo la Competition and Fair Trading Act la 2024, ndipo a CFTC, bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda, amalipiritsa chindapusa. Zomuuza kasitomala kuti shuga ndikupatsani pokhapokha mugulenso sopo nazo zisiyeni.

Sikelo musaigwire, kilo ikhale kilo, a Malawi Bureau of Standards amayendera zimenezi. Bola kumuuza munthu kuti zakwera kusiyana nkuphwanya pansi pa ndowa mwakachetechete. Mitengo ilembeni poonekera, kaya ndi pakatoni ndi makala, kuti musamatchaje poyang'ana nsapato za munthu.

Za ngongole. Amene anatenga katundu kwacha isanagwe alipire zimene munalemba m'kope, osamusinthira pa mapeto a mwezi, ngati ndi mphunzitsi, malipiro ake sanakwere tsiku limenelo. Ngati mukuopa, chepetsani masiku a ngongole zatsopano ndipo mugwirizane mtengo asananyamule.

Malisiti a kopikula muzisunga onse. Kasitomala akakwiya mumamuonetsa, ndipo ngati waholoselo ndi amene wakweza zosamveka kapena akuti katundu watha pomwe mukuona magalimoto akutsitsa kuseri, lisiti lomwelo ndi umboni wokadandaula nawo ku CFTC. Ndipo mtengo wa kuholoselo ukatsika, ngakhale ndi K500 yokha, nanunso fufutani pakatoni paja mulembe watsopano.