Musanameze piritsi loyamba la steroid pa matenda a MS

Ndili ndi matenda a multiple sclerosis, ogwira mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana, amene kuchipatala kuno ku Leicester amangoti MS. Kawiri konse ndamwapo steroid wotchedwa methylprednisolone matendawa atandiukira, ndipo ulendo woyamba ndinkangomeza osadziwa chimene mankhwalawo akukachita m'thupi. Inu musayambe choncho.

Ambirife asilikali a m'thupi tinawadziwira pa nkhani ya CD4. Mu MS, ena mwa asilikali omwewa, otchedwa ma T cell, amasokera. Amadutsa mpanda wolekanitsa magazi ndi ubongo n'kuyamba kuwononga myelin, chikuto cha mitsempha chonga pulasitiki wokuta waya wa magetsi. Pamalopo pamatupa, uthenga suyenda bwino, ndiye mwendo umachita dzanzi kapena diso limayamba kuona zachimbuuzi. Steroid akafika amalowa m'kati mwenimweni mwa asilikaliwo. Amawaletsa kutulutsa ma cytokine, timauthenga timene amaitanirana kunkhondo. Ena amafa. Ena amalephera kumata pakhoma la mtsempha wa magazi, ndipo mpanda uja umayamba kutsekeka. Motero kutupa kumaphwa.

Tsono choyamba, musathamangire mapiritsi. Imbirani namwino wanu wa MS, mufotokoze chimene chayamba ndi tsiku limene chayambira. Madokotala amati matenda aukadi ngati vuto latsopano lapitirira maola 24 popanda kutentha thupi kapena matenda ena. Pemphani kuti akuyezeni mkodzo. Matenda a m'chikhodzodzo amadzutsa zizindikiro zakale za MS, ndipo kumwa steroid pamenepo n'kuthamangitsa alonda akuba ali kale m'nyumba. Ine nthawi ina mwendo unalemera sabata yathunthu, chonsecho vuto linali mumkodzo.

Kuno ku Britain kawirikawiri amapereka mamiligalamu 500 patsiku kwa masiku asanu, kapena galamu imodzi patsiku kudzera mu dripu kwa masiku atatu mpaka asanu. Anga anali mapiritsi asanu a mamiligalamu 100, owawa ngati ndulu. Imwani m'mawa mutadya. Ine ndimayamba ndi phala. Mukamwa madzulo, tulo muiwale. Ngakhale m'mawa momwemo, usiku wachiwiri mutha kupezeka muli maso mpaka tambala woyamba, mtima ukuthamanga, m'kamwa mukumveka ngati mwamung'unya ndalama yachitsulo. Funsani ngati mukufunika omeprazole woteteza m'mimba. Ngati muli ndi shuga, nenani musanayambe, chifukwa amakwera kwambiri. Auzeninso a m'nyumba kuti masiku amenewo mutha kupsa mtima kapena kulira popanda chifukwa. Amuna anga ndinawauziratu ulendo wachiwiri, ndipo pakhomo panali mtendere. Koma maganizo akasokonekera kwenikweni, musadikire tsiku lachisanu, imbani foni.

Akakuyezani magazi masiku amenewa musadzidzimuke ndi zotsatira. Ma lymphocyte, gulu la asilikali momwe muli ma T cell aja, amatsika m'maola ochepa chabe, pamene ma neutrophil, asilikali a mtundu wina, amaoneka ochuluka chifukwa steroid amawagwedeza pakhoma la mitsempha pamene anamata, n'kumayandama m'magazi. Woyezayo muuzeni kuti muli pa steroid.

Apa ndiye pamene ndimachonderera. Mankhwalawa sasankha msilikali wosokera yekha, amafooketsanso amene amakutetezani. Steroid amathanso kubisa kutentha thupi, choncho chifuwa chachilendo kapena kuwawa pokodza musazione zazing'ono. Mwana wa katsabola kapena munthu wa mashingozi mutalikirane naye, makamaka ngati simunadwalepo katsabola. Ife obadwira kumudzi tili ndi china choonjezera: ngati munadwalapo TB kapena munakhala nyumba imodzi ndi wodwala TB, auzeni adokotala ngakhale asanafunse. Ngati mukukonza ulendo wofuna katemera wa yellow fever, nenaninso, chifukwa katemerayu ndi wa kachilombo kamoyo ndipo sabayidwa munthu atangomaliza steroid wambiri chotere.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi limalemetsa. Thupi limakhala lofooka, mtima wotsika. Konzeranitu chakudya, ndipo kuntchito pemphani masiku ena owonjezera.

Chimene chinandipweteka kumva, koma ndimathokoza kuti namwino sanandibisire, n'chakuti steroid amangofulumizitsa kuchira kwa ulendo umenewo. Sasintha kumene matenda akupita, ndipo kuwamwa pafupipafupi kumafooketsa mafupa. Ntchito yoletsa MS kuukanso ndi ya mankhwala ena a nthawi yaitali, ndiye mukabwerera kukaonedwa funsani ngati amene mukulandirawo akugwirabe. Diso langa lamanzere linatenga milungu isanu ndi umodzi ndisanayambenso kuwerenga mauthenga a pafoni osalitsinzina.